Kompyuta Yanga ndi Ana a Solomon Banda

Tasunthani pang'ono ndikhale nawo, minibasi iyi sinyamuka msanga, dalaivala akadali kudya chinangwa. Inu achimwene mwagwira nyuzipepala mozondotsa, musachite manyazi, kuwerenga n'kumene kunandipweteka ine. Tamverani. Ine ndine Danwell Kamanga, munthu woyamba kuphunzitsa databesi kuno ku Lundazi, ndipo mmene ndikuoneramu ndine womalizanso. Chichewa changachi musadabwe nacho, mayi anga ndi a ku Kasungu.

Chaka cha 1997 kampani imene ndinkagwirako ntchito ku Chipata inagulitsidwa, tonse anatiuza kuti tizipita kwathu. Ndalama zopumira anzanga anagulira ng'ombe, ena chigayo, ena anangozimwa mwaulemu mpaka zinatha. Ine, poti ndinali nditagwirako kompyuta mu ofesi muja, ndinati ng'ombe n'za anthu osaona patali. Ndinagula kompyuta yakale ndi pulinta yake, ija yolira ngati akucheka matabwa, ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa telala pafupi ndi msikawu, n'kukhoma chikwangwani: DANWELL KAMANGA, KATSWIRI WA DATABESI, MLANGIZI WA MABIZINESI.

Mukufunsa kuti databesi n'chiyani? Mwafunsa mochedwa, bambo, mukanafunsa nthawi ija bwenzi ndili ndi galimoto. Databesi ndi nkhokwe ya m'kompyuta. M'malo mwa chimanga mumathiramo maina a anthu, katundu, midzi, chilichonse, ndipo mukafuna kanthu kamodzi makina amakutapirani pompo osagwetsa nkhokwe yonse. Basi, n'zomwezo. Koma kuti munthu wa pa Lundazi akulipireni kuti mumumangire nkhokwe yosaoneka, aaa, kulibwino kugulitsa mabulangete mwezi wa Okutobala.

Miyezi inapita, palibe amene anagogoda, kupatula anthu osokera ofuna telala. Tsiku lina mkazi wanga Tryphena, mwana wa mlimi wa fodya wa ku Chikomeni, mkazi wosakweza mawu koma akalankhula mumamva kuzizira, anandikhazika pansi.

"Bambo a Memory, chinthu chija chimadya magetsi. Ife tidya chani?"

"Mayi a Memory, bizinesi ndi mbewu, imafuna kudikira."

"Chabwino, tidikila. Koma mvula yoyamba ikagwa musanapeze kasitomala olo mmodzi, chikompyuta chanucho tigulitsa, tigule feteleza, tipite ku Chikomeni mukalime fodya kwa adada."

Inu! Kwa apongozi! Ine Danwell, wa tayi, ndikakhale mkamwini, ndizikadzutsidwa mamawa ndi chifuwa cha apongozi pakhomo? Mdala amene uja tsiku la ukwati wathu anagwira chikhatho changa, n'kuchitembenuza, n'kufunsa mwana wake ngati ndinadwalapo nthawi yaitali. Kunena zoona ndinachita mantha, mantha enieni. Ndinavomera panganolo chifukwa mwamuna sakana pangano mkazi akumuyang'ana m'maso, koma mumtima ndinalumbira kuti Chikomeni sadzandiona.

Kasitomala amene ndinkamulota anali mmodzi: a Manasseh Mtonga, eni golosale yaikulu ija ya kumtunda, a famu ya fodya ndi malole opita ku Kasungu, komanso mkulu wampingo wotchuka, woyenda ndi Baibulo lokhala ndi zipi. Munthu wa katundu wochuluka chonchi, ndinati, mutu wake watopa, akufunika nkhokwe yanga. Koma munthu wamkulu sumulowera m'sitolo ngati wopempha. Umachita kumukopa adzibwerera yekha. Ndiye nzeru inandibwerera: ndizilemba maphunziro a databesi sabata iliyonse, aulere, ndizikhoma pa bolodi ija ya pachipata cha msika, pansi pake dzina langa ndi malo a ofesi. Anthu aziwerenga, aziti koma munthuyu ndi mutu, mbiri ifike kwa a Mtonga.

Phunziro loyamba ndinalilemba ndi mtima wonse. Pamwamba ndinaika zilembo zikuluzikulu: MUNTHU AMAIWALA, MUNTHU AMANAMA, KOMPYUTA SINAMA. Ndinasindikiza mapepala ambiri pa pepala lopyapyala, lotchipa lija, ndinapachika mulu wonse pa msomali kuti wofuna azitenga. Pofika masana mulu wonse psiti! Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati phungu.

"Mayi a Memory, Lundazi ali ndi ludzu la maphunziro."

Iwo anangondipatsa vitumbuwa zimene anagula kumsika. Nditamasula pepala lokulungira, mafuta ali noninoni pa dzina langa, phunziro lachiwiri. Mawa lake mdala wina wa ku Mwase anandiimitsa panjira, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndimwe a kompyuta? Yewo chomene, adada. Pepala lanu silizima pakati ngati nyuzi. Likoka bwino."

Ndinayang'ana ndudu imene inali pakamwa pake, ndipo ndinawerengapo mawu anga akupsa.

Ndinasiya zogawa. Ndinayamba kumata pepala limodzi lokha pa bolodi, ndipo poti guluu ndi wodula ndinamata ndi phala la ufa. Mbuzi za pamsika zinadya phunziro lachitatu mpaka m'munsi, zinangosiya mutu wokha pamene sizinafikire. Phunziro lachinayi ndinakhoma ndi misomali, pamwamba. Linakhala bwinobwino sabata yonse, loyera, losakhudzidwa ndi mbuzi kapena munthu.

Tryphena ndiye anandiunikira, ngakhale sindikudziwa ngati ankandithandiza kapena ankandikumbira dzenje.

"Pa bolodi paja anthu amafunapo maina. Maliro a ndani, wakhoza mayeso ndani, akhoti aitana ndani. Manje imwe mulemba za matebulo. Tebulo ili ndi achibale?"

Apo ndinaona kuwala. Chimene sindinachiganize, abale anga, n'chakuti pa bolodi imene ija sipanakhomedwepo nthabwala chimangidwire msika. Chokhomedwa apo n'choona, ndipo chikakhala cholembedwa ndi makina ndiye kuti n'cha boma. Safunsa anadya phula.

Phunziro lachisanu linali la kusanja: mmene kompyuta imaikira anthu pamzere kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono m'kuphethira kwa diso. Kuti likome ndinatenga maina a amayi a mumsika momwemo. Amayi Petronella ogulitsa tinsomba ta kapenta, a Yunike a vitumbuwa, a Faides a matimati, ndi ena. Zaka zawo sindinafunse, mkazi safunsidwa zaka, ndinaleredwa bwino ine. Ndinangoyang'ana nkhope n'kuyerekeza.

Kunja kusanatenthe n'komwe ndinamva nsapato zikubwera. Chitseko chinatseguka popanda odi. Amayi Petronella, thupi lodzaza khomo lonse, pepala langa lili m'manja.

"A Kamanga, munalipo pamene amama anandibala?"

"Ayi amama, chija n'chitsanzo chabe..."

"Fifite-eyiti! Ine! Pamwamba pa onse ngati mbendela!"

Inu, sindinkadziwa kuti mayiyu, poti anali wamasiye, ankafunsiridwa ndi dalaivala wina wa lole, ndipo anamuuza kuti sanakwanitse fote. Dalaivalayo anali atawerenga bolodi m'mawa womwewo, n'kuyamba kuyenda cham'mbali.

"Ndikamuuza kuti ndinangopeka," ndinatero.

"Muzamuuza chani? Si ndimwe munalemba kuti kompyuta sinama? Akuti munthu anganame koma makina alibe chifukwa!"

Ndisanapume, a Faides nawo alowa, maso ali psu. Ndinaganiza kuti awa andithokoza, poti ndinawaika pansi penipeni, mtsikana wa onse.

"Mwandichotsa ukulu! Ine ndikhala pa mthunzi wa mtengo uja cifukwa ndine mkulu pa mzele wa matimati. Manje ana aja akuti nisunthe, niyende padzuwa, makina anena!"

Mwaona? Wina ndamukalambitsa, wina ndamuchepetsa, onse akufuna mutu wanga. Amayi a mumsika anagwirizana kuti banja la Kamanga lisagulitsidwe ngakhale anyezi. Tinadya nyemba zopanda kanthu mpaka Memory, mwana wathu, anayamba kulira akangomva fungo lake. Ndinakapepesa pamzere wa kapenta, chipewa m'manja, msika wonse ukuonerera, ndipo amayi Petronella anandikhululukira pokhapokha nditakhoma pepala lina lonena kuti makina anali ndi malungo tsiku limenelo.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndinaona chinthu chimodzi: anthu anawerenga. Ndipo telala anandinong'oneza kuti a Mtonga anaima pa bolodi, anavala magalasi, n'kuseka mpaka kugwira mpanda. Nthawi imeneyo kutentha kunali kutafika poipa, mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa, ndipo Tryphena anali atayamba kufunsa mitengo ya feteleza mokweza kuti ndimve.

Ndinati chabwino, maina enieni ndasiya. Ndipeka munthu woti kulibe. Ndinakhala pansi n'kusankha dzina wamba, losalozera aliyense: Solomon Banda. Phunziro lachisanu ndi chimodzi linali lozama, limene ndinkanyadira nalo kwambiri, la mmene kompyuta imalumikizira munthu mmodzi ndi zinthu zake zambiri zomwazikana. A Mtonga akanaona mmenemo sitolo imodzi ndi katundu wake yense. Koma matumba a shuga sakoka anthu, ndiye ndinati chitsanzo chikhale bambo ndi ana ake. Solomon Banda ndinamupatsa Luka ku Mwase, Chimwemwe ndi Tamanda ku Kasungu. Ndipo pofuna kuonetsa mphamvu ya makina, mwana aliyense ndinamupatsa mayi wakewake. Pansi ndinalemba monyada: NGAKHALE ABALALIKE BWANJI, KOMPYUTA IMAWAPEZA ONSE.

Mawa lake pa bolodi panali anthu ngati pofika chimanga cha chithandizo. Odziwa kuwerenga ankawerengera osadziwa, a njinga atatsika, minibasi ina inachita kuima pakati pa msewu. Ine ndili poteropo, manja m'thumba, mtima ukuvina. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Woyamba kufika ku ofesi anali mayi wina wamfupi, atagwira mwamuna wake pa kolala. Mwamunayo ndinkamudziwa nkhope, wokonza njinga pafupi ndi chigayo, munthu woonda, wofatsa ngati nkhosa. Sindinkadziwa kuti dzina lake ndi Solomon Banda.

"Muuzeni makina anene bwino! Ku Kasungu anayenda liti uyu?"

"Amake mwana, ine olo pa boda sin'nafikepo," bamboyo akulira. "Njinga zonse nikonza ni za anthu, yanga nilibe!"

"Chete! Luka ni ndani?"

Ndinalumbira, ndinatchula Mulungu, ndinawaonetsa kompyuta kuti muli zimene ndaikamo ndekha. Mayiyo anayang'ana galasi la kompyutayo likuthwanima, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndiye mwavomela kuti alimo."

Anatuluka akumukokabe.

Atangochoka, ndinamva kukhosomola ku khomo la telala. Bambo wina wovala bwino, mphunzitsi wa sukulu ina yakutali, analowa atanyamula buluku ngati wabwera kudzasoketsa. Anatseka chitseko, anasuzumira pawindo, n'kundiyandikira mpaka ndinamva fungo la sopo wake.

"A Kamanga, tikambe ngati amuna. Ine ndine Solomon Banda."

"Aphunzitsi, pepani, zonse zija n'zo..."

"Luka nivomela. Koma awili a ku Kasungu aja si anga. Makina anu awonjeza."

Ndinakhala pansi. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, akuluakulu sananame. Sabata imeneyo ndinadziwa kuti boma la Lundazi lili ndi a Solomon Banda ochuluka kuposa njinga, ndipo theka la iwo sagona tulo tabwino.

Kenako kunabwera amayi. Mzere kuyambira pakhomo panga mpaka kwa telala, wina ndi nkhuku, wina ndi nsawa m'mbale, aliyense akunong'ona dzina la mwamuna wake kuti ndilifunse m'makina. Wina anabwera ndi malaya a mwamunayo kuti kompyuta inunkhize. Telala anayamba kubwereketsa mabenchi. Ndinathamangira kunyumba.

"Mayi a Memory, bwerani mudzaone! Makasitomala mpaka pamsewu!"

"Mwalandila nkhuku zawo?"

"Ayi, koma..."

"Mukalandila olo nthenga, ine nibwelela kwathu nekha. Sin'nakwatiwe na ng'anga. Kasitomala ni munthu wofuna nchito ili pa cikwangwani canu. Aja afuna ula."

Ndinawabweza onse ndi nkhuku zawo, mtima ukuwawa, poti nkhuku zina zinali zonenepa. Ndinakachotsa pepala pa bolodi, koma zinangoipiraipira: anthu anati wina wamkulu walipira kuti lichotsedwe. Tsiku limenelo mphepo inasintha, kunayamba kununkha dothi lonyowa kuchokera kutali, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza Tryphena akuchapa masaka olongedzera katundu.

M'mawa mwake, mitambo itada bii, ndili mu ofesi kupukuta kompyuta yanga ngati munthu wotsazikana ndi m'bale, ndinamva odi wolemera. Nditatsegula, a Manasseh Mtonga eniake, jekete, magalasi, Baibulo la zipi kukhwapa.

"Monile, a Kamanga."

"Yewo, adada, lowani, lowani!" Ndinapukuta mpando ndi tayi.

Anakhala. Anayang'ana kompyuta nthawi yaitali, monga mmene munthu amayang'anira galu wa eni ake asanadziwe ngati amaluma.

"Yazima?"

"Yazima, adada."

"Ikazima simva?"

"Simva kanthu."

Anavulabe chipewa n'kuchivundikira pa galasi.

"Maphunzilo anu nawelenga onse. Muli na mutu, mwana wanga. Nifuna munigwilile nchito."

Abale, ndinamva ngati angelo akuimba m'denga la malata. Ndinayamba kulakatula za matumba a shuga, mabelo a fodya, malole, mmene tidzaziikire zonse m'nkhokwe imodzi. Iwo anakweza dzanja.

"Izo tizakamba. Niyambe nafunsa. Za Solomon Banda, makina anazitenga kuti?"

"Adada, n'zopeka zija. Ndinazipeka ndekha pampando mwakhalapowo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, mokhutira.

"Eya. Ndiye mmene tizikambila. Zopeka."

"Koma n'zopekadi!"

"Mwacita bwino, gwilani pamenepo, olo afunse abusa." Anatsitsa mawu. "Mudziwa, a Kamanga, malonda a kutsidya avuta na mapepala. Kale, nikali mnyamata, n'nabweleka dzina la msuweni wanga amene anamwalila, kuti nizidutsa bwino. Ku Kasungu kulibe amene adziwa Manasseh Mtonga."

"Amakudziwani kuti ndani, adada?"

Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kusisita zipi ya Baibulo.

"Maina a ana makina aphonya," anatero. "Koma nambala alondola, na Kasungu alondola. Manje cinthu cikali cing'ono cilondola telo, nanga cikakula? Amayi kunyumba ayamba kale kufunsa cifukwa cake malole anga agona kutsidya."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilumbirenso, koma nthawi yomweyo padenga panagwa dontho. Tho! Lina. Tho! Ndinakumbuka chikhatho changa m'manja mwa apongozi, ndipo ndinatseka pakamwa. Mundiweruze mmene mungafunire, inu simunamuone mdala uja.

"Ndiye nifuna mukhale mlangizi wanga," a Mtonga anapitiriza. "Ine nekha, osagwilila wina aliyense. Pa bolodi musiye. Malipilo mwezi na mwezi, nyumba ni yanga. Imwe, banja, kompyuta, cosindikizila cake, zonse lole izanyamula kupita ku famu. Mukayang'anile zonse kumeneko."

"Ndavomera, adada! Ndavomera!"

Tinagwirana chanza mvula ikuyamba kukhuthuka. Ndinali nditapambana, ndi madontho awiri okha, koma kupambana ndi kupambana. Powaperekeza pakhomo, ndikuwagwirira ambulera, ndinakumbuka kufunsa.

"Famuyo ili chakuti, adada?"

"Ku Chikomeni. Mupitilila pang'ono mudzi wa apongozi anu. Nyumba ikalibe kufoleledwa, muzayamba mwakhala kwa iwo, nakamba nawo kale. Akondwa maningi."

Ambulera inayamba kulemera.

"Nanga... magetsi aliko?"

A Mtonga anaima, anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, ngati bambo woona mwana wake akufunsa zopusa pagulu.

"A Kamanga. Akanakhalako, nikanakutumizani?"

Ndinafika kunyumba nditanyowa mpaka m'mafupa. Ndinauza Tryphena kuti kasitomala wapezeka mvula isanagwe bwinobwino, kompyuta sigulitsidwa, pangano ndapambana ine. Anavomera, sanatsutse ngakhale pang'ono. Kenako anafunsa kumene tikupita, ndinawauza, ndipo mkazi wosakweza mawu uja analuluta mpaka aneba anatuluka.

"Mwaona, bambo a Memory? Mulungu ayankha tonse awili!"

Ndiye ndi zimenezo. Kuyang'anira zonse kuja, ndinapeza kuti ndi kuyang'anira nazale, zigafa ndi mizere ya fodya, ndipo apongozi amati munthu sayang'anira bwino ali chiimire manja m'thumba. Lero ndangobwera kudzagula mankhwala a mbozi. Koma wina akakufunsani ngati bizinesi ya databesi imayenda kuno ku Lundazi, muziti imayenda ndithu. Chaka chachiwiri chino, kasitomala wanga sanadandaulepo.